Chuni Chimodzi pa Chinkhoswe ndi pa Maliro: Mafunso ndi Mayankho pa Nyimbo za M'filimu

WOULUTSA: Yakwana nthawi ya mafunso ndi mayankho pa zaluso. Lero tikukamba za nyimbo za m'mafilimu a chikondi, makamaka pamene chikondicho chathera m'misozi. Makalata abwera ambiri, ena pamanja, ena pa WhatsApp, ndipo mayina sititchula monga mwa masiku onse. Muno mu situdiyo muli aphunzitsi athu a nyimbo, gitala ali pamwendo. Takulandirani, aphunzitsi.

MPHUNZITSI: Zikomo, achemwali. Tiyeni tiyambepo, nthawi ingatithere.

WOULUTSA: Kalata yoyamba yachokera kwa mnyamata wa ku Area 47. Akuti: "Ine ndi anzanga tikujambula filimu ya mphindi 25. Ndi nkhani ya mnyamata wokonza mafoni mumsewu wa Malangalanga ndi mtsikana wogwira ntchito ku Capital Hill. Makolo a mtsikana akana, kenako avomera, koma chinkhoswe chisanachitike mtsikanayo amwalira pa ngozi. Ndapeka nyimbo ziwiri, yachisangalalo ndi yachisoni. Yachisoni ija anthu akaimva sakhudzidwa n'komwe. Vuto lili pati?"

MPHUNZITSI: Achimwene, mwina nyimbo yanu yachisoniyo ndi yabwino ndithu. Vuto ndi loti woonera akukumana nayo koyamba pamaliro. Sakuidziwa, ilibe chomukumbutsa. Ganizirani jekete la malemu bambo anu. Jekete la musitolo, ngakhale likhale lakuda bwanji, silingakulizeni. Limene limaliza munthu ndi lomwe lija munkawaona nalo akuseka pa ukwati, lero lili pamsomali lopanda mwini wake. Ndiye musapeke nyimbo ziwiri. Pekani chuni chimodzi, chachifupi, choti mwana akhoza kuchiyimba ndi mluzu atangochimva kawiri. Chidzaleni pamene awiriwo akusangalala, mudzachikolole pamene wina wapita.

Imvani ichi. Amene munayimbako kwaya mundimva msanga: mi, so, la, so, kenako mi, re, do. (Akuyimba gitala.) Manotsi asanu ndi awiri okha. Pamene awiri anuwo akukumana pamlatho wa mtsinje wa Lilongwe, m'chipiringu cha anthu opita kumsika, chuni ichi chithamange, chikhale ndi besi ndi maseche. Pamene akuyankhulana pafoni usiku, chigaweni pawiri: gitala ayitane mi, so, la, so, ndipo mawu a mkazi ong'ung'udza avomere mi, re, do. Ife kwathu kuno nyimbo imayenda choncho, wina kutsogolera, ena kuvomera, kaya ndi ku chimtali, kaya ndi kutchalitchi. Khutu la Mmalawi likamva wotsogolera, limadikira ovomera palokha, osachita kuuzidwa.

Tsono ngozi itachitika, mnyamata wakhala yekha pa benchi yake ya mafoni. Gitala ayitane. (Akuyimba manotsi anayi, n'kusiya.)

WOULUTSA: Ih, aphunzitsi, malizani!

MPHUNZITSI: Mwaonatu. Inuyo mwayankha mumtima, chifukwa woyankha uja kulibe. Pamenepo ndi pomwe anthu atulutse mipango. Sindinawonjezere kanthu, ndangochotsa.

Akatswiri akunja amachita zomwezi. Mu filimu ya zidole yotchedwa Up, ya mu 2009, Michael Giacchino anafotokoza moyo wonse wa banja, kuyambira tsiku la ukwati mpaka maliro a mkazi, m'mphindi pafupifupi zinayi zopanda mawu, ndi chuni chimodzi. Chimayamba ndi zoyimbira zambiri, chimatha ndi piyano yokha. Analandira nacho Oscar. Mu Titanic, ya mu 1997, anthu amakumbukira Celine Dion, koma nyimbo yake imabwera mayina akudutsa kumapeto. Pofika pamenepo James Horner anali atakumvetserani kale chunicho kangapo mkati mwa filimu, mwina pa chitoliro, mwina pa mawu ong'ung'udza a woyimba wa ku Norway, Sissel. Celine anangokolola munda wolimidwa kale.

WOULUTSA: Yachiwiri ndi ya mayi wa ku Area 10, wophunzitsa kwaya kumpingo kwawo. Akuti: "Mwana wa mchemwali wanga wandipempha kuti ndimupekere nyimbo za filimu yake. Wandiuza kuti zachisoni zonse zikhale mu minor, ndiponso zikhale ndi vayolini wa pa kiyibodi. Ndikayesa, zikumveka ngati mafilimu a pa TV ochokera kunja. Kodi chisoni chathu chilibe kamvekedwe kake?"

MPHUNZITSI: Mayi, yankho muli nalo kale m'buku limene mumanyamula Lamulungu lililonse. Tsegulani Nyimbo za Mulungu, muone zimene amayi a Chigwirizano amachezera nazo m'nyumba ya siwa. Zambiri zimakhazikika pa do, osati pa la. M'chilankhulo cha mwana wanuyo, zili mu major. Nanga bwanji zimatigwetsa misozi? Chifukwa zimayenda pang'onopang'ono, mzere uliwonse umatsika ngati munthu akuusa moyo, ndipo pakati pa vesi ndi vesi pamamveka kufwenthera kwa anamfedwa. Kumbukiraninso Allan Namoko, mkulu wosaona wa ku Thyolo uja. Banjo yake inkathamanga, anthu n'kumavina, pamene iye akudandaula za umasiye ndi umphawi. Kwathu kuno chisoni ndi kuvina sizidana.

Minor si yoletsedwa ayi. Koma musaganize kuti ndiyo khomo lokhalo. Zimene zimapatsa chuni chisoni ndi izi: kuchedwetsa, kuchepetsa zoyimbira, kusiya mipata, ndi kuyandikitsa maikolofoni kuti timve mpweya wa woyimba ndi kukhukhuluzika kwa chala pa nsambo. Vayolini wa pa kiyibodi alibe mpweya, alibe chala. N'chifukwa chake akumveka wobwereka.

Ndipo zoyimbira za kusungulumwa tili nazo zathu. Pali mkangala, uta wa bango wa nsambo imodzi, umene atsikana ndi amayi a kum'mwera ankayimba ali okha, mbali ina ya uta ali ataika pakamwa kuti m'kamwamo mukhale ngati chigubu chokuzira mawu. Kamvekedwe kake ndi kotsika kwambiri, sikapita patali, chifukwa si koyimbira gulu. Moya Malamusi wa ku Chileka ndi Gerhard Kubik anajambula ndi kulemba zambiri za zoyimbira zotere. Pali kaligo, wa nsambo imodzi yokwecha, amene amalira pafupi kwambiri ndi mawu a munthu. Pali bangwe ndi sansi. Ngakhale babatoni wa a Madalitso Band, amene anayambira m'misewu ya Lilongwe momwe muno, mutamuyimba pang'onopang'ono, kukhudza kamodzi n'kudikira, angakupatseni kugunda kolemera kumene kiyibodi singakupatseni.

Ndipo ngati mukufuna sukulu ya nyimbo za chikondi ndi kusiyana, mverani nyimbo za pamtondo. Agogo athu aakazi anatsala okha amuna atapita ku migodi ya ku Joni kudzera ku Wenela, ena osabwerako, n'kusanduka machona. Mu Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown, ku Botswana, n'kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo, ndipo Kamuzu anaimitsa kulemba anthu ntchito ya ku migodiyo. Mkazi wodikira sankalira ndi vayolini. Ankadandaula munsi ukugunda, mnzake akuvomera. Zina mwa nyimbo za ku Nyasaland zimene Hugh Tracey anajambula m'zaka za m'ma 1950 zikusungidwabe ku International Library of African Music, ku South Africa. Simukupita kukakopera, mukupita kukaphunzira kapumidwe kake.

Anzathu a ku South Africa anaonetsa kuti zimatheka. Filimu ya Chizulu yotchedwa Yesterday, ya mu 2004, ya mkazi wakumudzi amene mwamuna wake wabwera kuchokera ku migodi akudwala, inadalira gitala ndi mawu a Madala Kunene, ndipo inafika mpaka pa mndandanda wa opikisana pa Oscar. Kwathu kuno, The Last Fishing Boat ya a Shemu Joyah, ya mu 2012, inapambana pa gawo la nyimbo ku Africa Movie Academy Awards mu 2013 ku Nigeria. Inapambana kwawo kwa Nollywood, pa nyimbo. Ndiye muuzeni mwanayo mwaulemu kuti azakhali ake akudziwa chimene akuchita.

WOULUTSA: Ameni! Yachitatu yachokera ku Old Town, kwa wolumikiza zithunzi amene ali ndi kachipinda pamwamba pa sitolo ku Area 2. Akuti: "Wopeka nyimbo wandipatsa nyimbo zokoma zokhazokha. Ndaziika paliponse, koma oonera akudandaula kuti sakumva zimene azisudzo akuyankhula, ndipo pofika pamaliro amakhala atatopa. Nyimbo iyenera kulowa pati, n'kutuluka pati?"

MPHUNZITSI: Achimwene, ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Nyimbo ikamalira kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto, khutu limaizolowera n'kusiya kuimva. Chofunika ndi kukhala pansi anthu atatu, dayirekitala, wopeka nyimbo ndi inuyo, filimu itatha kulumikizidwa. Muionere yopanda nyimbo, pepala lili m'manja. Paliponse pamene wina wati apa pakufunika nyimbo, mumufunse kuti, ikunena chiyani chimene nkhope ya wazisudzoyo sinanene kale? Akasowa yankho, pasiyeni. Akayankha, lembani mphindi ndi sekondi yolowera, ndi yotulukira.

Masamu ake ndi osavuta. Chuni chikamagunda ka 60 pa mphindi, kugunda kulikonse ndi sekondi imodzi. Bala ya kugunda kunayi ndi masekondi anayi. Gawo la masekondi 48 ndi mabala 12. Mukamuuza wopeka nyimbo kuti pa sekondi ya 32 ndi pomwe mtsikana akutembenuka, iye adziwa kuti bala yachisanu ndi chinayi ndiyo ikufunika kusintha. Nyimbo imasokedwa pa chithunzi, siyalidwa pamwamba.

Pa za kumeza mawu: piyano yapakati, gitala ndi vayolini zimakhala malo amodzi ndi mawu a munthu, ndiye zimalimbana. Anthu akamayankhula, chuni chikhale chete kapena chitsike pansi kwa besi, chizidzuka m'mipata ya pakati pa ziganizo. Pemphaninso wopekayo akupatseni choyimbira chilichonse pachokha, osati zosakaniza kale, ndipo azijambula pa 48 kHz monga zimafunikira pa kanema. Mukamaliza, mverani pa sipika ya foni ndi pa masipika akuluakulu, chifukwa filimu yanu ena adzaionera mu minibasi, ena muholo ya ku BICC.

Tsono mverani ichi. Akuluakulu anati chakudza sichiyimba ng'oma. Ambiri amayambitsa nyimbo yoopsa foni ya uthenga wa ngozi isanalire, ndiye woonera wadziwa kale, mantha atha. Isiyeni foniyo ilire pakati pa phokoso la tsiku ndi tsiku. Mnyamata aiyankhe akuseka. Nyimbo idzalowe mochedwa, pamene uthenga wafika mumtima, osati pamene wafika m'khutu.

WOULUTSA: Nanga pamaliro penipeni?

MPHUNZITSI: Pamenepo wopeka nyimbo apume. Maliro a kwathu ali ndi nyimbo zake kale: kwaya ikuyimba m'nyumba, azibambo akunong'onezana panja pamoto, masamba ali pamsewu. Kumanda a ku Area 18, makasu a adzukulu ndi dothi loyamba kugwa pabokosi, palibe chida chimene chingapose phokoso limenelo. Chuni chanu chisungeni mpaka anthu atabalalika, matenti atachotsedwa, mipando ya pulasitiki itabwezedwa. Chisoni cha wachikondi chimayamba pamene opepesa apita.

Ndiponso, achimwene, inu mumakhala pakati pa chuma. Tsegulani zenera lanu ku Area 2: oitanira minibasi, mabelu a kabaza, azana wa kumzikiti, masipika a ogulitsa nyimbo. Kenako pitani ku Area 12 madzulo: mpanda wautali, galu kuuwa patali, nthethe za waya wa magetsi pamwamba pa khoma, nyenje mu Okutobala, jenereta ya anansi magetsi akazima. Ngati mnyamata ndi wa ku Old Town ndipo mtsikana ndi wa kumayadi, kusiyana kwawo kwamveka kale musanakhudze gitala. Jambulani phokoso limeneli mosamala, ndi theka la nyimbo yanu.

WOULUTSA: Yachinayi, mtsikana wa ku Area 43. Akuti: "Pa gawo la chinkhoswe ndikufuna kuika nyimbo yotchuka ya malemu Lucius Banda, chifukwa ndi imene makolo anga anavina pa ukwati wawo. Ndinaigula mwalamulo. Mnzanga akuti ndikhoza kulowa m'mavuto. Zoona?"

MPHUNZITSI: Mnzakoyo umusunge, mwanawe, amakukonda. Kugula nyimbo kumakupatsa ufulu woimvera, osati woiika mu filimu. Pamafunika zilolezo ziwiri: cha mwini wa nyimbo, amene anapeka mawu ndi chuni, ndi cha mwini wa chojambulidwacho, amene nthawi zina amakhala munthu wina kapena kampani. Woyimba akamwalira, monga a Lucius amene anatisiya mu Juni 2024, ufuluwo sufa nawo, umapita kwa olowa m'malo awo. Lamulo limene likugwira ntchito ndi Copyright Act ya mu 2016, ndipo bungwe la COSOMA, limene linakhazikitsidwa mu 1992, lili mu Lilongwe momwe muno. Pita ukafunse usanajambule, osati utamaliza. Ukanyalanyaza, YouTube kapena Facebook ikhoza kuzimitsa mawu a filimu yako, ndipo a TV ndi a zikondwerero za mafilimu amafuna kuona mapepala.

Maganizo ako enieniwo ndi abwino. Nyimbo imene anthu amaidziwa kale imabwera itasenza zikumbukiro zawo. Filimu ya Casablanca ya mu 1942 inatenga nyimbo yakale ya Herman Hupfeld ya mu 1931, ndipo Max Steiner, ngakhale poyamba sankaifuna, anailuka m'filimu yonse, pena yokoma, pena yowawa. Chilolezo chikapezeka, chita chimodzimodzi. Chikakanika, peka yako, anthu aivine pa perekaniperekani wa mu filimumo, idzagwira ntchito yomweyo ikadzabweranso.

Kwa opeka nyimbo nonse, mawu amodzi: ngakhale dayirekitala akhale msuweni wanu, lembani pangano. Mulandira zingati, liti, nyimbo ikhala ya ndani, dzina lanu lilembedwa motani, ndipo mukhoza kuitulutsa panokha kapena ayi. Lembaninso mndandanda wa nyimbo zonse za mu filimu, kutalika kwake ndi eni ake, kuti ikamaonetsedwa pa TV kangachepe kanu kadziwe kolowera.

WOULUTSA: Yomaliza ndaisunga dala. Yachokera kwa bambo wa ku Area 3. Akuti: "Ndine woyimba kiyibodi. Mayi a kunyumba anamwalira chaka chatha. Achinyamata ena andipatsa ntchito yopeka nyimbo ya mawu yotsekera filimu yawo, ya mwamuna woferedwa. Ndikakhala pansi, mawu amabwera ambirimbiri, koma ndikawawerenga m'mawa amaoneka opepuka. Kodi ndibweze ntchitoyi?"

MPHUNZITSI: Pepani kwambiri, bambo. Mulungu akutonthozeni pamodzi ndi ana. Kubweza kapena kusabweza, mwini wake ndinu, ndipo mukabweza palibe angakudzudzuleni. Ngati usiku tulo sitikubwera ndipo ntchitoyi ikungotokosa bala, yankhulani ndi abusa anu kapena m'bale amene mumamukhulupirira, nyimbo idikire. Koma ngati mtima ukufuna kupitiriza, nazi zimene ndingakuuzeni ngati mnzanu pantchito.

Mawu akupepuka chifukwa ndi aakulu kwambiri. Mtima wasweka, dziko lada, misozi ngati mtsinje: zimenezi aliyense ananenapo, ndiye sizikhalanso za munthu mmodzi. Inu muli ndi zimene achinyamatawo alibe. Mukudziwa tinthu ting'onoting'ono: nambala imene simunaifufute mufoni, kapu yachiwiri imene dzanja limatsitsabe m'mawa, mbali ya bedi imene simugonako. Sankhani kamodzi kokha. Mzere woti "ambulera yako ikadali kuseri kwa chitseko, ndipo mvula yayamba" ukunena zambiri kuposa mavesi atatu a kulira, ndipo sunatchule imfa.

Chachiwiri, yankhulani mzerewo mokweza musanaupatse chuni. Chichewa chili ndi kukwera ndi kutsika kwake, ndipo timakoka phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto. Chuni chikatsata kayankhulidwe, woyimba amamveka ngati akukuuzani nkhani pakhonde. Chikapikisana nako, amamveka ngati mlendo amene waloweza. Mverani a Giddes Chalamanda, muone momwe kuyimba kwawo kulili pafupi ndi kuyankhula.

Chachitatu, funsani achinyamatawo chuni chimene chayenda mkati mwa filimu yawo, mumange nyimbo yanu pa icho. Mkatimo chakhala chikuyitana popanda wovomera. Kumapeto, mayina akudutsa, chiloleni chifike pa do. Musawatulutse anthu muholo ndi bala losamanga. Mawu a ana kapena kwaya yaing'ono akhoza kuvomera m'malo mwa amene anapita, monga momwe pamudzi anthu amavomerera namfedwa mawu ake akatha.

Chachinayi, nyimboyi ndi ya mwamuna wa mu filimu, si yanu. Mubwerekeni zimene mukudziwa, koma zina zisungeni. Ya mayi mudzaipeka panthawi yanu, popanda wokuikirani tsiku. Ndipo ngati mawu anu akunjenjemera pa maikolofoni, pezani wina ayimbe. Ku Music Crossroads, ku Area 23, kuli achinyamata odziwa kuyimba ndi kuwerenga nyimbo.

WOULUTSA: Bambo a ku Area 3, tili nanu limodzi. Aphunzitsi, nthawi yatithera, koma mumakonda kusiyira omvera ntchito ya kunyumba.

MPHUNZITSI: Eya. Pekani chuni cha manotsi osaposa asanu ndi atatu, chogawika pawiri, woyitana ndi wovomera. Chijambuleni pafoni katatu: cha tsiku lokumana, cha tsiku lokangana, ndi cha tsiku loyamba wina kulibe. Chilichonse chisapitirire masekondi 30, ndipo manotsi asasinthe. Musinthe liwiro, choyimbira, ndi zimene mwachotsa. Jambulani usiku, galimoto zitachepa, m'chipinda chokhala ndi matiresi ndi makatani kuti mawu asabwerere.

WOULUTSA: Tumizani pa nambala yathu ya WhatsApp pofika Lachinayi, ndipo zitatu zimene aphunzitsi asankhe tidzaziulutsa. Sabata yamawa tikamba za ng'oma m'mafilimu, ndi funso limene ambiri mwafunsa kale: kodi nyimbo za gule wamkulu zingalowe mu filimu, ndipo chilolezo chake amapereka ndani?